Chaka Chimene Amayi Sanamwete Udzu

Lilongwe, 12 Meyi

Abambo okondedwa,

Moni nonse kumeneko, inu ndi amayi, ndi atsibweni a Petulo amene ndikudziwa kuti akhala kale pa mpando wawo kudikira kuti muwawerengere kalatayi mokweza. Ine ndili bwino, kupatula ulemu wanga umene wavulala. Ndinakugulirani foni, abambo. Inu mwaitsekera m'chikwama cha Baibulo, n'kumatumiza uthenga kudzera kwa a Rebeka ogulitsa tomato pa Chezi kuti mwanayo azilemba. Zaka zonse zija ku yunivesite, lero makalata anga akuyenda pansi pa dengu la anyezi! Koma ndakutulukirani. Foni simungaiwerenge pansi pa mtengo wa mango alamu anu akumva. Chabwino, konzani kukhosi.

Ku ofesi kwathu tamaliza kulemba bilu ya nyumba, ija ndinkakuuzani pa Khirisimasi. Cholinga chake n'chakuti nyumba zizimangidwa msanga, ndiponso munthu wamba azizikwanitsa. Lero munthu akafuna chilolezo chomangira m'tauni, pulani yake imagona m'kabati mpaka chiswe chiyambe kuiwerenga. Bilu ikuti zimenezo zithe. Koma gawo limene ndikunyadira ndi la kumidzi, chifukwa ndinalilemba ndine, ndi dzanja lomweli limene amayi ankalimenya likamaba mtedza wa mbewu. Likuti banja lokhala ndi zipupa zolimba lizilandira malata ndi matabwa pa mtengo wotsika, n'kumabweza pang'onopang'ono. Aphungu akumana mwezi wamawa. Abwana akuti palibe angaikane, pakuti ndani angaime pagulu n'kunena kuti amakonda denga lodontha?

Musaganize kuti wolemba malamulo a nyumba amagona pabwino. Ndikukhalabe kuseri kwa nyumba ya eni ku Area 25, m'chipinda chimene ankasungiramo chimanga. Alandilodi akwezanso lendi, akuti chifukwa apaka laimu kuchimbudzi. Ndinawakumbutsa kuti ndine loya. Anati ndiye bwino, ndikwanitsa.

Tsono auzeni amayi kuti msana wawo upume. Chikwatiwire akhala akukwera phiri ndi zenga, kutsika ndi mitolo ya udzu yowaposa msinkhu. Chaka chino mvula ikupezani pansi pa malata, apo ayi digiri yanga mukakolezere moto.

Mundiuze za chifuwa cha amayi, ndi fodya ngati anagulidwa bwino. Mtedza musandiiwale. Kuno amagulitsa pa kambale ngati mankhwala.

Mwana wanu,
Kezia


Nkhwichi, Dowa, 3 Juni

Mwana wanga Kezia,

Mwa chisomo cha Ambuye tadzuka, ine ndi amayi ako. Chifuwa chawo chimabwera ndi kuzizira n'kupita, monga mwa masiku onse. Fodya anagulidwa, tisanene zambiri.

Kalata yako inafika Loweruka. Ndinaiwerenga koyamba ndekha, kenako pa bwalo, alamu anga a Petulo alipo ndi akazi awo. Za foni ndinadumpha. Za alandilodi anthu anaseka mpaka misozi. Kenako ndinafika pa malata. A Petulo anafunsa ngati n'zoona kuti lamulo la dziko lonse lingalembedwe ndi mwana wa pakhomo pano. Ndinawayankha kuti mwana wa pakhomo panoyo ndi mwana wa Elifala.

Iwe sungadziwe, chifukwa unabadwira pa nthaka ya amayi ako. Ine ndinachoka ku Ntchisi kudzakwatira kuno. Munda ndi wa eni, mtengo wa mango ndi wa eni, ngakhale ana, pa mwambo wathu, ndi a atsibweni awo. Pamene ndinkakutumiza ku sekondale ndi za fodya, ankati mkamwini akutaya chuma, akanagula malata ngati anzake. Onse anakhoma malata, ine ndinakhoma sukulu. Lero ndiye tione.

Azimayi ayamba kale kukwera phiri kukamweta. Amayi ako anatenga zenga Lolemba, ine ndinawaletsa. Ndinati tikaunjika udzu pakhomo, anthu anena kuti ife tomwe sitikhulupirira mwana wathu. Anang'ung'udza, koma zenga analisomeka pa tsindwi.

Undiuze kuti zipupa zolimbazo n'zotani, kuti akuluakulu akamabwera atipeze okonzeka. Mtedza uli kwa a Rebeka.

Ndine bambo wako,
Elifala


Lilongwe, 21 Julayi

Abambo,

Moni kwa inu, kwa amayi, ndi kwa omvera onse a pansi pa mango. Mtedza unafika, ngakhale kondakitala anautengapo chakhumi. Pepani ndachedwa kulemba, ndinali kudwazika matenda. Musadzidzimuke, wodwalayo si munthu.

Bilu yathu inalowa kwa aphungu ngati mkwatibwi, yatuluka ngati nkhuku ya pa ukwati, nthenga zonse zapita. Anaikonda, abambo, anaikonda mpaka kuidya. Omanga nyumba zogulitsa m'tauni apeza zawo zonse, zilolezo zizituluka msanga ndipo msonkho awapeputsira. Nyumba zawo zotsika mtengozo ndinaziona pa chithunzi. Kuti ine ndigule imodzi ndiyenera kugwira ntchito zaka za Metusela, osadya, osadwala, osapita pa maliro.

Gawo langa la kumidzi, mwana wanga wachisamba, analiyamikira koopsa. Wina wa suti yonyezimira anaimirira n'kunena kuti n'lokongola kwambiri moti siliyenera kupanikizana ndi magawo ena, liyenera kudzakhala lamulo palokha. Anawomba m'manja, n'kuliika pambali mwaulemu wonse, monga umamukhazikira pa khonde mlendo amene ulibe ndiwo zomupatsa. Akuti libwera posachedwa. Inu ndinu mkulu wa mpingo, mukudziwa kuti mawu akuti "ndidza msanga" analembedwa liti. Ndiye ngati zenga la amayi silinachite dzimbiri, musalinyoze. Ndi chida chokhacho m'dziko muno chimene sichidikira komiti.

Mwafunsa za zipupa. Ndinalemba kuti zikhale za njerwa zootcha, zazitali bwino, zoti zingasenze matabwa. Ndinakhala sabata yathunthu ndikusula chiganizo chimenecho, ndipo pakadali pano ndinu munthu woyamba kuchifunsa.

Mwezi wamawa wonse atitengera ku hotela ku Mangochi kukakambirana za umphawi. Mutipempherere, chakudya chake akuti n'chambiri.

Wanu wothothoka nthenga,
Kezia


Nkhwichi, 11 Ogasiti

Mwana wanga Kezia,

Tili moyo, Ambuye atisunga. Tikhulupirira kuti ku Mangochi akukusamala.

Kalata yako ndinaiwerenga Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Nditafika poti aphungu anawombera m'manja gawo lako, n'kunena kuti liyenera kukhala lamulo palokha posachedwa, amayi a Chigwirizano anaimba nthungululu. A Petulo anagwira pa mawu a zenga aja, akuti kodi mwanayu sakutichenjeza? Ndinawauza kuti iwo sadziwa kalankhulidwe kako. Iwe chiyambire uli wamng'ono, ukakhoza mayeso unkabwera ukudandaula kuti aphunzitsi sadziwa kuchonga. Ukanyoza chinthu ndiye kuti chayenda bwino. Ine bambo wako ndimakumva.

Tsono sitinakhale manja lende. Zipupa zathu ndi za njerwa zootcha kale, koma amisiri a Abrahamu anati n'zazifupi, malata angatiwotche m'mutu nthawi ya dzuwa. Tasasula denga lonse. Udzu wakale unali wowola, tauthira m'khola. Mapaso tachotsa, awonjezera njerwa pamwamba, ndipo apendeketsa pang'ono monga malata afunira. Nyumba yaoneka ngati ya aphunzitsi aakulu. Anthu odutsa amaima.

Ife tasamukira m'chigafa, poti fodya mulibe nyengo ino. Mbali ya kumphepo ndatchinga ndi mapesi ndi masaka. Amayi ako akuti tsopano asanduka fodya woyanika, koma akunena akuseka. N'za masabata ochepa.

Utiuze tsiku, kuti ndipemphe ngolo ya a Petulo nthawi ikadalipo.

Ndine bambo wako,
Elifala


Madisi, 29 Seputembala

Kezia mlongo wanga,

Moni. Ine ndi alamu ako tili bwino, ana a sukulu akundikalambitsa monga kale. Ndalemba papepala dala. Pa foni umandidula ndisanamalize, ndipo ndimazindikira nditatseka kuti ndagonja mlandu umene sindinaufotokoze n'komwe.

Ndinali kumudzi Loweruka. Kodi kalata ya abambo ya mu Ogasiti unaiona? Nyumba ili yasa, kukamwa kuloza kumwamba. Makolo ako akugona m'chigafa chopanda zipupa, pamtunda paja pamene mphepo ya kuphiri imayambira kumenya. Kutsokomola kwa amayi ndinakumva ndili ku mjigo.

Ndinati tifolerenso ndi udzu. Udzu uti? Osaka mbewa anatentha phiri lonse, kuchokera kwathu mpaka kutsidya ndi lupsa lokhalokha. Amene anamweta mu Juni anamwetera madenga awo. Ndipo ngakhale titaupeza, a Abrahamu akuti mmene anapendeketsera zipupazo madzi sangatsetsereke pa udzu, ungowola. Khitchini nayo sanaifolere chaka chino, ukakhala m'kati ukuona akhwangwala akudutsa. Atsibweni anapereka chipinda kwawo. Abambo anayankha kuti sanafike pogona kuseri kwa chitseko cha mlamu. Ndinati amayi okha abwere kuno ku Madisi, iwo anandifunsa kuti mwamuna wawo azikadya kwa yani.

Pa wailesi ndinamva kuti lamulo lija ladutsa, koma za kumidzi sindinamve. Nditafunsa abambo, ananditulutsira kalata yako ya nkhuku ya pa ukwati. Ine ndinamva zimene unkanena, chifukwa ndinakula ukundiluma. Koma munthu wokalamba amene waika mutu wake wonse pa iwe, ukumuuza za denga lake ngati uli pa sewero? Nthabwala zako n'zabwino, mlongo, koma sizifolera nyumba.

Malata akubwera kapena sakubwera? Undiyankhe liwu limodzi. Chizimalupsa sichili patali.

Mlongo wako,
Gideoni


Lilongwe, 20 Novembala

Achimwene,

Moni, aphunzitsi. Chikwapu chanu chinafika, ndachisunga kuti ndidzakubwezereni tikadzakalamba. Kalata ya abambo ija alandilodi anaisunga pamwamba pa filiji yawo mpaka yanu itafika, akuti ankayesa ndi ya ngongole ya madzi. Liwu lanu limodzi nali: sakubwera.

Ndinapita kumudzi mwezi watha kuti ndikanene ndi pakamwa. Mukanaona! Anandiphera tambala, anandikhazika pa mpando pakati pa zipupa zopanda denga, dzuwa likundiwotcha paliwombo, azimayi akundiimbira. Mayi wina anandigwira dzanja kuti dzina lake ndisadzaliiwale. Ine amene ndimatsutsana ndi anthu a mataye tsiku ndi tsiku, ndinangothokoza n'kudya tambalayo. Chakumadzulo ndinawatsatira abambo ku nazale ya fodya kudambo. Ndinawauza popanda kuthira mchere, kuti gawo lija analichotsa, malata a boma kulibe chaka chino ngakhale chamawa. Anapitiriza kuthirira. Madzi atatha m'kheni anati, "Ndamva. Usauze munthu."

Ndiye ndachita zimene ndikanachita kale ndikanakhala ndi nzeru m'malo mwa digiri. Ndakongola ku banki ya m'khonde ya ku ofesi, ndagula malata, matabwa ndi misomali, ndakweza pa lole ya mbatata. Zili kuseri kwa nyumba ya a Rebeka pa Chezi, chifukwa lole inakana msewu wa kwathu. Pangofunika ngolo ya atsibweni, ulendo wa m'mawa umodzi.

Mukudziwa yankho la bambo wanu? Akuti malata a m'sitolo sawafuna. Akuti akapempha ngolo, a Petulo afunsa kuti pepala la boma lili kuti, ndipo mudzi wonse udziwa kuti mwana wa mkamwini ananama, kapena kuti mkamwiniyo ndiye anapusa. Malata ali ndi mitundu tsopano! Kodi mvula ikamagwa imayamba yafunsa lisiti? Pitani mukawalankhule inu, mwana wamwamuna. Ine ndikapitanso ndikanena mawu oti akulu a mpingo andiitanire ku bwalo.

Mlongo wanu,
Kezia


Nkhwichi, 28 Disembala

Kezia mwananga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha ndi pensulo, abambo ako ali kumunda. Usaseke zilembo.

Moni. Khirisimasi tinadya bwino, zikomo sopo ndi shuga. Mvula ikugwa bwino chaka chino, chimanga chafika m'mawondo. M'chigafa sitinyowa kwambiri ikamagwa yowongoka. Ikabwera ndi mphepo timakhala tsonga pakati, titafunda pulasitiki uja anabweretsa Gideoni. Chifuwa chilipo. Chimandigwira m'nthiti ngati munthu wandiponda.

Gideoni anabwera, anakangana ndi abambo ake mpaka anachoka osadya. Inu ana mukuti abambo anu ndi ouma mutu. N'zoona. Koma ine ndawaona zaka zonsezi akumeza mawu a abale anga osayankha. Pa chinkhoswe cha Gideoni, mwana wawo yemwe, anangouzidwa tsiku ngati mlendo. Chinthu chimodzi chokha chimene anaimirira nacho pa bwalo ndi iwe. Ukawalanda chimenecho, ngakhale uwakhomere malata a golide, agonabe pa mvula.

Tsono ndikupempha chinthu. Lemba kalata ina, pa pepala la ku ofesi kwanu lija la chizindikiro pamwamba. Unene kuti malata ali kwa a Rebeka aja ndi a lamulo lako, abwera kwa ife poyamba kuti ena aonerepo. Usaikemo zoseketsa. Abambo ako akaiwerenga pa bwalo, atsibweni ako amanga ng'ombe, nkhani yatha. Abambo ako adziwa kuti ndi bodza, ine ndidziwa, Mulungu adziwa, ndipo Iyeyo ndikamufotokozera ndine.

Ufulumire. Fodya wakula, mwezi wamawa tiyamba kuthyola, ndipo chigafa mwini wake, fodyayo, achifuna.

Ndine mayi ako,
Magdalena


Lilongwe, 6 Januwale

Amayi anga,

Moni. Zilembo zanu sindinaseke, n'zowongoka kuposa za abwana anga. Koma zimene zalembedwazo! Mayi wa Chigwirizano, wa bulauzi yoyera mbee, amene munandikwapula ndi nthambi ya pichesi chifukwa ndinanama kuti ndasamba, lero mukundituma bodza, n'kundisankhiranso pepala lake? Ndinaiwerenga mu minibasi, ndinaseka mpaka kondakitala anafunsa ngati ndapeza mwamuna.

Amayi, pepala lija si la masewera. Munthu akalembapo zabodza ntchito imatha tsiku lomwelo, mwinanso n'kukagona ku polisi. Ndiye mudzi udzanena chiyani za mwana wa Elifala? Komanso m'mawa mwake mayi uja anandigwira dzanja adzafuna ake, kenako mnzake, kenako mnzake wa mnzakeyo. Ndidzawagulira onse?

Bodza loyamba lija sindinalinene dala, koma landikwana. Lachiwiri ayi. Abambo apirire manyazi. Manyazi ndi chimfine, satha sabata. Anthu aseka, kenako mbuzi ya wina idya chimanga cha wina, aiwala. Asiyeni anyowe pang'ono, afewa. Ndimawadziwa, ndinatengera iwowo.

Inu bwerani kuno. Chipinda changa n'chaching'ono koma chili ndi denga, ndipo chipatala chili pafupi. Ndatumiza juzi ndi mankhwala a chifuwa kwa a Rebeka. Mukwere Lachisanu, ndikakuchingamirani ku depoti.

Mwana wanu wosamva,
Kezia


19 Januwale

Kezia,

Foni yako ikungolira, akuti muli mu msonkhano. Kalatayi ndapatsira mnzanga wobwera kumeneko.

Amayi sanakwere Lachisanu lija, ndipo unkadziwa kuti sakwera. Fodya anayamba kuthyola, anamupachika m'chigafa, iwo n'kumagona pansi pake, masamba aawisi akuwadonthezera. Lachitatu analephera kudzuka. Ndili nawo kuchipatala. Akuti chibayo, mbali zonse ziwiri. Abambo akhala pa benchi panja, chipewa chili pa bondo.

Amayi akatsitsimuka akufunsa chinthu chimodzi chokha: "Kodi walemba?" Ine sindikudziwa kuti ulembe chiyani. Kaya n'chiyani, lemba.

Gideoni


Lilongwe, 20 Januwale

Kwa Bambo Elifala ndi Mayi Magdalena,
Mudzi wa Nkhwichi, Dowa.

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikukudziwitsani kuti potsatira lamulo latsopano la nyumba, banja lanu lasankhidwa kukhala loyamba m'dera lanu kulandira malata, matabwa ndi misomali, kuti ena aonerepo. Katunduyu ali kwa Mayi Rebeka pa Chezi. Mukupemphedwa kukamutenga msanga ndi kukhoma mvula isanawononge zipupa.

Ofesi ikuthokoza Bambo Elifala chifukwa chokonzeka nthawi yabwino.

Ine,
Kezia Elifala,
m'malo mwa ofesi


Lilongwe, 4 Febuluwale

Achimwene,

Ndinafika bwino. Sindikufunsani mmene mwadzukira, ndikudziwa.

Pali chinthu sindinakuuzeni pa maliro. Chimene amayi ankafunsa chija inali kalata yabodza, pa pepala la ofesi, yonena kuti malata ndinagula aja ndi a boma. Anandipempha mu Disembala, ndinakana, ndipo ndinakana mokoma kwambiri. Ndinailemba tsiku limene ndinalandira yanu. Popita kuchipatala ndinatsika pa Chezi n'kuisiya kwa a Rebeka, kuti ikafike kumudzi ngati yochokera kwa akuluakulu, osati m'chikwama changa. Nditalowa mu wodi ndinawanong'oneza amayi kuti ndalemba. Anesi anati mwina akumva. Anesi amatero kwa aliyense.

Masiku onse a maliro abambo sanandiyang'ane kumaso, inenso sindinawayang'ane. Munaona nokha bokosi la amayi lili m'nyumba yopanda denga, azibambo atagwira lona m'makona, madzi akusefukira m'mbali. Ndinafuna kunena kanthu, chifukwa pakamwa panga sipanazolowere kutsekeka, koma ndinayang'ana mudzi wonse osapeza woti ndimunyoze.

Chonde pitani kwa a Rebeka mukaitenge kalatayo, muiwotche. Amene anaiitanitsa kulibe. Ikafika kwa abambo tsopano, ikhala ngati ndikuwaseka. Malatawo a Rebeka agulitse, kapena afolere khola la nkhumba. Ine sindifuna kuwaonanso.

Mlongo wanu,
Kezia


Ntchisi, 9 Malichi

Mwana wanga Kezia,

Ndikukulembera ndili kwathu ku Ntchisi, pakhomo pa mlongo wanga Peggy. Ndinafika Lachinayi, mbali ina ndinayenda pansi chifukwa cha matope. M'thupi ndili bwino. Undiuze ngati iwe ukudya.

Gideoni anachedwa. A Rebeka anandipatsa kalata ija tsiku la msudzulo, pamene abale a amayi ako anasonkhana kuti andimasule monga mwa mwambo. Ndinakaiwerengera kuseri kwa chigafa. Ndinadziwa amene anakutuma, chifukwa iwe pawekha sungalembe kalata yonse yopanda mbola.

Ndinaganiza zoing'amba. Kenako ndinati mkazi wanga anaipempha ali ndi mpweya wochepa, ine ndine yani kuti ndiibise. Ndinabwerera pa bwalo, ndinaimirira, ndinaiwerenga yonse mokweza.

Mwana wanga, pa bwalo paja panalibe munthu wosadziwa. Malata akhala kuseri kwa a Rebeka kuyambira Novembala, pa msika pamene mudzi wonse umakagulitsa tomato, dzina la sitolo lili pa mtolo. A Petulo anawaona ndi maso awo kalekale. Nditamaliza ndinadikira kuti wina aseke. A Petulo anavula chipewa, anati, "Boma lachita bwino. Alamu, ng'ombe ndimanga m'mawa." Onse anavomera kuti lachitadi bwino, ngakhale mayi uja anakugwira dzanja. Palibe anafunsa kuti ake abwera liti. Ndikanakonda akanaseka. Ng'ombe zomwezo zinalipo mu Novembala.

Za ntchito yako usade nkhawa. Pepala lija ndinaliwotcha madzulo omwewo, palibe adzalionenso. Fodya ndasiyira Gideoni kuti amalize. Nyumba ndi yako ndi mlongo wako, kiyi ali kwa atsibweni ako.

A Petulo anandiuza kuti ndisachoke. Akuti ndakalambira pakhomo pawo, nyumbayo ndi yanga mpaka Ambuye adzanditenge. Ananena ndi mtima woona, ndipo ndinathokoza. Anakhoma a Abrahamu, Gideoni akuwapatsira misomali. Ndi denga labwino, unasankha bwino. Tsiku limene anamaliza kunagwa mvula yamasana, yamphepo, yochokera kuphiri. Ndinalowa ndekha n'kukaima pakati pa chipinda mpaka inakata. Pansi ponse panali pouma, mwana wanga, pouma gwa, mpaka pakona. Sindikanatha kugonamo.

Ndine bambo wako,
Elifala